Chikokiyana: nyimbo imene inachoka ku Bulawayo n'kukafika ku New York

Ndiloleni lero ndipatuke pang'ono pa nkhani zathu za kalembedwe ndi malamulo a chiyankhulo, ndikambe za nyimbo imodzi. Mukawerenga mpaka kumapeto muona kuti sindinapatuke kwenikweni, pakuti nkhani yake yagona pa liwu limodzi.

Agogo anga aamuna anachoka ku Thyolo ali mnyamata m'zaka za m'ma 1950, ndipo moyo wawo wonse anauthera m'minda ya tiyi ya ku Chipinge, kum'mawa kwa Zimbabwe. Anali munthu wosayankhulayankhula, koma akakhala pakhonde n'kumasoka dengu ankakonda kuimba likhweru, ndipo nyimbo yake inkakhala imodzimodzi. Tikawafunsa dzina lake ankangoti ndi Chikokiyana, ya bugiwugi, imene ankavina ali anyamata. Liwu lomwelo tinkalimvanso m'komboni akuluakulu akamanong'onezana za mowa wina woopsa. Ndili mwana sindinaganizepo zolumikiza ziwirizi. Ndinadzazilumikiza ndili ku yunivesite, agogo atatisiya kale, tsiku limene ndinamva lipenga la Louis Armstrong likuimba likhweru la agogo anga lija, pansi pake atalemba kuti "Skokiaan".

Tiyambe ndi bugiwugi amene agogo ankatchulayo. Boogie-woogie ndi kaimbidwe ka piyano ka anthu akuda a ku America, kamene kanakulira m'misasa ya anthu ocheka matabwa ndi okonza njanji cha ku Texas. Dzanja lamanzere limagunda mobwerezabwereza ngati sitima ili pa liwiro, lamanja n'kumaseweretsa nyimbo pamwamba. Dzinali linatchuka pamene Clarence "Pinetop" Smith anajambula "Pinetop's Boogie Woogie" ku Chicago mu 1928. Patatha zaka khumi, mu 1938, Albert Ammons, Meade Lux Lewis ndi Pete Johnson anaimba ku Carnegie Hall mu New York, ndipo chaka chomwecho gulu lalikulu la Tommy Dorsey linatenga nyimbo ya Smith ija n'kuiika pa malipenga. Pofika mu 1941, pamene a Andrews Sisters anatulutsa "Boogie Woogie Bugle Boy", kaimbidwe ka m'misasa ya antchito kanali katasanduka nyimbo ya dziko lonse la America pa nthawi ya nkhondo.

Mbale za galamafoni ndi mafilimu zinafikitsa nyimbozi ku Johannesburg, ku Bulawayo ndi ku Salisbury. Kumeneko zinapeza marabi, nyimbo za m'nyumba zogulitsiramo mowa mobisa, zimene zimazungulira pa magulu atatu a mawu osasintha mpaka ovina atatopa. Kukumana kwa marabi ndi swing ya ku America kunabala kavinidwe kotchedwa tsabatsaba. Pano ndiyenera kuwakonza pang'ono agogo anga, ngakhale ndikuchita zimenezi mwaulemu: Skokiaan si boogie-woogie weniweni. Boogie-woogie amayenda mtunda wa zigawo 12 asanabwerere poyambira, pamene Skokiaan imazungulira pafupi, monga marabi. Koma m'komboni zonse zovinidwa ndi malipenga zinali bugiwugi kapena jaivi, ndipo ine amene ndinaphunzira za ziyankhulo sindingatsutse anthu pa tanthauzo limene iwo eni analipereka ku liwu.

Amene anapeka nyimboyi ndi August Musarurwa, Mshona wa ku Zvimba, woimba sakisofoni. Anagwirapo ntchito ku polisi ngati womasulira, kenako anakalowa ntchito ku Cold Storage Commission ku Bulawayo, bungwe la boma loona za nyama, kumene anatsogolera gulu la oimba la antchito. Dzina la gululo pa mbale linali lalitali ngati chikalata cha boma: African Dance Band of the Cold Storage Commission of Southern Rhodesia. Chaka chimene ambiri amatchula kuti nyimboyi inajambulidwa koyamba ndi 1947, ndipo inatuluka pa chizindikiro cha Gallotone cha kampani ya Gallo ya ku Johannesburg. Mphamvu yake sinali m'mawu. Sakisofoni imatsetsereka kuchoka pamwamba kutsika pansi ngati munthu amene miyendo yayamba kumukana, banjo n'kumakokera kumbuyo kosalekeza. Aliyense amene ankadziwa mowa wa dzinalo ankamva zimene sakisofoniyo inkanena.

Skokiaan unali mowa wa tsiku limodzi. Ofulula ankasakaniza madzi, shuga ndi yisiti, ndipo ena pofuna kuti ulume msanga ankathiramo zinthu zoopsa monga sipiriti ndi kabaidi. Chimene chinabala mowa wotere ndi lamulo. Ku Southern Rhodesia anthu akuda sankaloledwa kumwa mowa wa azungu mpaka 1957, ndipo m'matauni mowa wamasese unali malonda a khonsolo, amene ankaugulitsa m'nyumba zake za mowa n'kumatenga phindu. Mowa wathu wa masiku onse umafuna masiku angapo kuti upse, ndiponso fungo lake silibisika, choncho apolisi ankaupeza mosavuta. Mayi wofuna kupeza ndalama ya lendi ankafunika mowa wofulula m'mawa, wogulitsa madzulo, wotha kuukwirira pansi m'chitini. Anthu ambiri anadwala nawo, ena anafa nawo.

Tsopano tifike pa liwu lenilenilo. Akatswiri a mawu a ku South Africa amapereka magwero awiri. Ena amaloza liwu la Chiafirikanzi lakuti skok, kutanthauza kudzidzimutsa thupi. Ena amaloza liwu la Chizulu lakuti isikokeyana, kampanda kakang'ono, poganizira maenje amene ankabisamo zitini za mowa. Ine ndimatsamira ku ganizo lachiwirili, chifukwa cha zimene zinachitika liwuli litawoloka Limpopo. M'Chizulu, isi- ndi mphatikiram'mbuyo wa gulu la mayina limene ife timalitcha la Chi-Zi: iwo amati isihlalo, izihlalo monga ife timati chitseko, zitseko. Kumapeto kuli -ana wochepetsa, amene ndi m'bale wake wa -ana wa m'mawu athu akuti mwana ndi ana. Pakamwa pa azungu isi- anafota n'kutsala s yekha, ndipo -ana anasanduka -aan wa kalembedwe ka Chiafirikanzi. Ashona ndi Anyanja atalandira skokiaan sanathe kulekerera s ndi k kugundana popanda liwu pakati, komanso liwu kuthera pa n. Akanatha kunena kuti sikokiyani, monga tinachitira ndi sukulu ndi sitolo. Iwo anati chikokiyana. Analibwezera liwulo m'gulu lomwe linachokera, ndi mchira wake womwe, popanda wina kuwaphunzitsa Chizulu. Ngakhale gwero lake litakhala skok uja, chi- ameneyu akutionetsabe mmene makutu athu amagwirira ntchito. Dzina la Chibuku, mowa umene unadzalowa m'malo mwa zofulula zambiri za m'makomboni, linapangidwa mwa njira yomweyo, pa liwu la buku.

Mu 1954 nyimboyi inawoloka nyanja. Gallo anali ataitulutsanso pa dzina lofewa lakuti Bulawayo Sweet Rhythms Band, ndipo inagulidwa kwambiri ku South Africa. Kampani ya London Records inaitulutsa ku America, ndipo m'miyezi yochepa magulu ambiri a kumeneko anathamangira kukajambula zawo. Ya Ralph Marterie, yopanda mawu, ndi imene inakwera kwambiri pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa, kuposa ya eni ake a ku Bulawayo. Pérez Prado anaisandutsa mambo. Louis Armstrong anaijambula ku Decca chaka chomwecho m'zigawo ziwiri, mbali iyi ndi mbali inayo ya mbale. Pambuyo pake Bill Haley anaiimbanso, ndipo mu 1978 Hugh Masekela anaijambula pamodzi ndi Herb Alpert.

Chimene chimandiwawa pa ulendo umenewu ndi mawu a Chingerezi amene Tom Glazer anaikamo, amene a Four Lads ndi Armstrong anaimba. Mawuwo amajambula Africa wa chisangalalo chokhachokha, kumene anthu alibe nkhawa ndipo amangovina. Mowa mulibe, apolisi mulibe, mayi wokwirira chitini mulibe. Womvera wa ku Ohio akanatha kuganiza kuti Skokiaan ndi dzina la mudzi kapena la gule. Kunena zoona, lipenga la Armstrong pa mbale imeneyo ndi lokoma zedi, ndipo sindichita manyazi kuti ndimalimvera kawirikawiri. Koma liwu lija linafika ku America lili gwa kunja, m'kati muli mbee. Dzina la wopeka nalonso linayenda movutika: pa mbale zambiri analemba Msarurgwa. Armstrong atabwera ku Rhodesia mu November 1960 anakumana ndi Musarurwa maso ndi maso. Musarurwa anamwalira mu 1968.

Nanga nyimbo ya m'tauni ya Bulawayo inafika bwanji pakhonde la agogo anga, kumapiri a kumalire ndi Mozambique? Tiyi wa ku Chipinge anayamba mu 1924 pa munda wa New Year's Gift, umene unadzakhala chiyambi cha kampani ya Tanganda. Ku chigwa cha Honde, kumpoto kwa Mutare, minda ikuluikulu monga Aberfoyle inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Tiyi amafuna manja ambiri, ndipo ku Mulanje ndi ku Thyolo anthu anali atathyola tiyi kwa zaka zambiri. Njira yopita kum'mwera inalinso yotseguka kale. Pangano la 1936 la pakati pa Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia linakonza za kayendedwe ka antchito, boma la Southern Rhodesia linaika malole onyamula anthu kwaulere amene anangotchedwa Ulere, ndipo bungwe lolemba antchito limene linakhazikitsidwa mu 1946 anthu ankalitcha Mthandizi. Taonani kuti mayina onse awiriwa ndi a Chinyanja. Amene ankakokedwa ndi ife, choncho nyambo inayenera kuyankhula chiyankhulo chathu.

Anyamata amenewa sankakhala malo amodzi. Munthu ankatha chaka pa famu ya fodya, chaka china ku mgodi kapena kukhitchini ya mzungu ku Salisbury, kenako n'kukapezeka ku tiyi. Wobwera kuchokera m'tauni ankabwera ndi galamafoni yopukusa ndi mbale zingapo zokulunga m'bulangete, ndipo Loweruka la malipiro komboni yonse inkasonkhana pakhomo pake. Panalinso wailesi. Nyumba youlutsira mawu ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka inkaulutsa m'Chinyanja, m'Chishona, m'Chindebele ndi m'ziyankhulo zina, ndipo kuyambira 1949 kunabwera kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, kamene azungu anakatcha Saucepan Special. Agogo ankasimba kuti pa komboni yawo kanalipo kamodzi, ka kapitawo, ndipo batire likatha anthu ankasonkha.

M'komboni ya tiyi munkakhala Alomwe, Amang'anja, Ayao, Asena ndi Andau a tsidya lino ndi tsidya lija la malire, ndipo kapitawo ndi mzungu ankalamula m'Chilapalapa. Nyimbo imene mphamvu yake ili m'sakisofoni sinkafuna womasulira. Liwu limodzi lokha la dzina lake ndi limene aliyense ankayenera kulidziwa, ndipo ankalidziwa kale. Mwa anthu onse amene anavina nyimboyi pa dziko lapansi mu 1954, a m'makomboni ndi m'malokeshoni ndi amene ankadziwa chimene akuvina.

Nyimbo za mtundu umenewu zinabwereranso kumudzi pamodzi ndi obwerera. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anakhala zaka za ubwana wawo ku Salisbury, kumene bambo awo ankagwira ntchito, ndipo kwela ndi jaivi zimene anamva kumeneko ndi zimene ankaimba m'misewu ya Blantyre pamene Gerhard Kubik anakumana nawo mu 1967. Amene anabwerera anasiya mbale ndi mabuku onena za iwo. Amene sanabwerere, amene kumudzi anawatcha matchona ndipo kuno anawatcha Mabhurandaya potengera dzina la Blantyre, anasiya zochepa. Ana awo ambiri anakula ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwiramo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 atayamba kukonza zimenezi.

Mwezi wa December wapitawu ndinapita kukaona azakhali anga ku Honde. Ndinawaikira mbale yakale ya gulu la Musarurwa pa foni, osawauza kanthu. Sakisofoni isanamalize kutsetsereka kwake koyamba anaika pansi lichero n'kunena kuti, "Imeneyo ndi ya ababa." Adzukulu awo awiri, amene amayankha m'Chimanyika ngakhale uwafunse m'Chichewa, anabwera kudzamvera. Nditawafunsa ngati akulidziwa liwu lakuti chikokiyana, wamkuluyo anaseka nati ndi mowa wa zidakwa za kumsika. Za nyimbo anali asanamvepo. Anandipempha kuti ndimutumizire pa WhatsApp, ndipo ndinatumiza ya ku Bulawayo poyamba, ya Armstrong pambuyo.