MAU A ATSOGOLERI NDI ANTHU A M'MINDA YA TIYI

Munthu woyenda m'dera la Mfumu Mphuka, kapena kwina kulikonse m'boma la Thyolo, amaona minda ya tiyi yobiriwira chaka chonse, ndipo m'mphepete mwake amaona timinda ta chimanga ta eni dziko titapanikizana m'zitunda ndi m'zigwa. Mbiri ya ndale ya dera lino siingamveke bwino popanda kuyang'ana malire amenewo, pakuti mtsogoleri aliyense amene mau ake anagwedeza anthu a kuno anawagwedeza pokhudza nkhani ya nthaka.

Nthaka imeneyi inayamba kuchoka m'manja mwa anthu m'zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston, woimira Boma la Britain, anapatsa Azungu zikalata zotsimikiza kuti malo amene anati anagula kwa mafumu ndi aodi. Kampani ya British Central Africa inatenga malo aakulu ndithu kuno. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje, nafika ku Thyolo m'chaka cha 1908. Ndipo popeza tiyi afuna manja ambiri, eni minda analandira mokondwa Alomwe amene anali kuoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Mlendo wopanda kwao sakana mau a mwini malo. Umo ndimo thangata, liu limene kale linali kunena za kuthandizana kwa anansi pa nchito ya kumunda, linasanduka dzina la nchito yokakamiza imene munthu anali kugwira polipira malo amene wamangapo nyumba yake.

Mmodzi mwa oyamba kulankhula poyera za zimenezi anali Mzungu, Joseph Booth, amene anaphunzitsa kuti Afrika ndi wa anthu a mu Afrika, nakhazikitsanso mishoni pa malo amene lero ndi Malamulo, ku Makwasa. Iyeyu ndiye anatenga John Chilembwe kunka naye ku America m'chaka cha 1897. Chilembwe atabwera mu 1900 anamanga mpingo wake ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, ndipo ambiri mwa omvera ulaliki wake anali Alomwe a m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero. Guwa la m'tchalitchi ndilo linali bwalo lokhalo limene munthu wakuda akanatha kuimapo ndi kulankhula kwa khamu, ndipo eni minda anadziwa zimenezi, chifukwa chake anatentha matchalitchi ake a udzu amene anamangidwa pa malo ao. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. Pa 3 Febuluwale iye anali ataphedwa. Mau ake anautsa anthu mazana owerengeka okha, koma Boma linachita mantha kotero kuti kwa zaka zambiri linayang'anira mlaliki aliyense wakuda ndi diso la nkhwezule.

Pambuyo pake panadza nyengo ya makalata. Nyasaland African Congress, imene inayamba mu 1944 ndi Levi Mumba monga mtsogoleri wake woyamba, inali ya aphunzitsi, akalaliki ndi abusa, anthu aulemu amene analemba madandaulo ao m'Chingerezi chosalala ndi kuwatumiza ku Zomba. Sindiwanyoza ai, pakuti anatsegula njira. Koma mai wothyola tiyi ndi dengu kumsana sanamve kanthu za makalata amenewo.

Tsono tione zimene zinachitika mu Ogasiti 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa anthu akukana. Pa munda wa Mangunda, kufupi ndi Luchenza, Azungu anagwira anthu awiri powaganizira kuti anali kuba malalanje. Mbiri inawanda m'midzi kuti anthuwo aphedwa, ndi kuti ichi ndi chifwamba. Anthu anasonkhana ndi mikondo ndi zibonga, anagwetsa mitengo m'miseu, anadula mawaya a lamya, naleka kupita ku nchito. Chipolowe chinafalikira m'maboma ena a Chigawo cha Kumwera, ndipo pomatha anthu 11 anali atafa ndi ena 72 atavulala. Owerenga aone bwino apa: panalibe mtsogoleri wotchuka amene anaima pa nsanja ndi kulankhula. Udzu unali wouma kale chifukwa cha thangata, lendi ndi makalata osamutsa anthu, kotero kuti kamphekesera ka malalanje kanakwanira kuuyatsa. Koma moto wopanda mwini unapsereza anthu a m'midzi okha, ndipo Chitaganya chinakhala chikhalire. Akuluakulu a Congress, poona mwazi, anabwerera m'mbuyo, ndipo chipanicho chinafooka kwa zaka zingapo.

Anyamata ophunzira amene anadza pambuyo, Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1956, anazindikira kuti mkwiyo ulipo wokwanira, chosowa ndi munthu mmodzi amene mafumu ndi anthu wamba angamumvere pamodzi. Iwo anali aang'ono, ndipo kwathu kuno mau a mnyamata salemera pa bwalo. Chifukwa chake anaitana Dr. Hastings Kamuzu Banda, munthu wachikulire, sing'anga wophunzira ku America ndi ku Scotland, amene anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958 atakhala kunja zaka zoposa 40.

Apa pali chinthu chimene ana a sukulu amadabwa nacho ndikamawaphunzitsa. Munthu amene mau ake anagwedeza dziko lonse, kuyambira ku Karonga kufikira ku Nsanje, sanali kulankhula kwa anthuwo m'chinenero chao. Anali kulankhula Chingerezi, atavala suti yakuda ndi chipewa, ndipo pambali pake panali kuima womasulira. Amene akumbukiridwa koposa pa nchito imeneyi ndiye John Msonthi. Wina angaganize kuti chimenechi chinachepetsa mphamvu ya mau ake, koma ine ndiyesa kuti chinaionjezera. Anthu amene anazolowera kuvula chipewa ndi kupatuka m'njira pokumana ndi Mzungu anaona munthu wakuda akukalipira Boma m'chinenero cha Boma lomwelo, apolisi ali chilili kumvetsera, namatcha Chitaganya chinthu chopusa. Asanamve n'komwe kumasulira, maso ao anali ataona kale kuti mantha angathe kutha. Ndiponso kulankhula kodukizadukiza, chiganizo chimodzi cha Chingerezi kenaka cha Chinyanja, kunapatsa khamu mpata wobvomereza ndi kululutira, monga momwe tichitira pa bwalo la milandu kapena pa gule. Iye akapfuula kuti "Kwacha!" anthu anali kuyankha onse pamodzi, ndipo munthu amene wapfuula pakati pa zikwi za anzake sabwerera kwao ali yemwe uja.

Komabe tisaiwale kuti si onse anafika pa misonkhano. Mau anafika m'midzi ya m'minda ya tiyi pa njinga za alembi a nthambi za chipani, m'nyimbo za amai, ndi m'kamwa mwa anthu obwera ku msika. Pofika kumeneko anali atavala zovala za kuno. Liu lakuti Chitaganya linali lakutali, koma wolinena akati Azungu a ku Salisbury adzatenga nthaka yotsalayo monga anachitira kwao, aliyense anamva. Akati ufulu udzathetsa thangata ndi malamulo a malimidwe, amene anali kulipiritsa ndi kumangitsa anthu chifukwa cha mizere ndi migula, panalibenso wofunsa.

Boma linayankha pa 3 Malichi 1959 polengeza kuti dziko lili pa ngozi. Dr. Banda anatengedwa kunka ku ndende ya Gwelo, Congress inaletsedwa, ndipo anthu oposa 50 anaphedwa, ambiri a iwo pa doko la Nkhata Bay. Koma mau ananenedwa kale samangidwa unyolo. Orton Chirwa anayambitsa Malawi Congress Party m'chaka chomwecho, ndipo pa 1 Epulo 1960 Dr. Banda anamasulidwa. Chipembere, amene lilime lake linali lakuthwa koposa onse, anamangidwanso mu 1961 chifukwa cha zolankhula zake pa misonkhano, nakhala m'ndende kufikira 1963. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962, Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo ufulu unadza pa 6 Julayi 1964.

Lonjezo la thangata linakwaniridwa, koma minda ya tiyi inatsala m'malire ake, pakuti Boma latsopano linafuna ndalama zimene tiyi anali kubweretsa. Ndipo pasanathe miyezi itatu chilandirire ufulu, nduna zimene zinaitana Dr. Banda zinasemphana naye. Chipembere, Chiume ndi Chirwa anachoka m'Boma. Kuyambira pamenepo nsanja inakhala ya munthu mmodzi. Anthu amene kale anayenda mitunda ndi miyendo yao mwa kufuna kwao kukamva mau ake, tsopano anali kutengedwa pa malole, sukulu zitatsekedwa, khadi la chipani lili m'thumba.

Chete ameneyu anasweka pa 8 Malichi 1992, ndipo kunalinso pa guwa, monga m'masiku a Chilembwe. Kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi onse tsiku limodzi, yonena za malipiro ochepa, za kusowa kwa mankhwala ndi mabuku, ndi za anthu omangidwa chifukwa cha maganizo ao. Ansembe anaiwerenga ndi mau wamba, popanda kupfuula, m'zinenero za anthu. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anagwidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe atangoyamba kuwerenga mau ake. Mu Meyi anchito a ku Blantyre ananyanyala, ndipo kunyanyalako kunafika ndi m'minda ya tiyi momwe. Pa 14 Juni 1993 anthu anasankha zipani zambiri.

Chiyambire nthawi imeneyo Thyolo watulutsa apulezidenti awiri a mimba imodzi, Bingu wa Mutharika, amene anaikidwa ku Ndata mu 2012, ndi mng'ono wake Peter. Misonkhano imachitika nyengo iliyonse ya chisankho, ndi zimkuzamau ndi nsalu za chipani, m'Chichewa chosasowa womasulira. Olankhula akafika kuno amatchula nkhani ya malo, ndipo pa mau amenewo ndi pamene amai a kwa Mphuka amalulutira kwambiri.