Kumanga malo ogona alendo kugombe la kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa

Gombe la kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba, ndi kumene alendo amafikira akafuna kuona mbalame zam'madzi kapena kuwolokera pachilumba cha Chisi. Ambiri amakwerera boti padoko la Kachulu, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Zomba, ndipo dzuwa likapendeka amabwerera kukagona m'tauni kapena pamwamba pa phiri ku Ku Chawe. Nyanjayi ili m'gulu la madambo otetezedwa ndi pangano la Ramsar, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika achilengedwe. Komabe malo ogona alendo m'mphepete mwake ngochepa, ndipo wofuna kumangako amayamba walimbana ndi madzi komanso nthaka.

Chilwa ndi nyanja yosazama, yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala ndi Thondwe amathiramo madzi ochokera kumtunda, koma otulukamo amangouma ndi dzuwa. N'chifukwa chake gombe lake silikhala pamalo amodzi. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri anangokhala pamatope ouma. Mvula ikachuluka, madzi omwewo amalowa m'minda ya mpunga mpaka m'makomo. Khonde lomangidwa kuti mlendo aziyang'ana madzi likhoza kutsala pamtunda chaka china, n'kudzamira chaka chinzake.

Vuto lalikulu kwa mmisiri ndi dothi la makande lomwe lili m'madambo ambiri a kuno. M'dzinja limamwa madzi n'kufufuma, limamata kuphazi. Pofika Okutobala limauma n'kung'ambika ming'alu yolowa dzanja. Maziko osaya amakwera ndi kutsika limodzi nalo, ndipo khoma la njerwa limayamba kung'aluka pakona ya zenera, chitseko n'kumakana kutsekeka. Madzi a m'nyanjayi ndi amchere pang'ono, choncho chinyezi chokwera m'khoma chimadya pulasitala ndi kuchititsa dzimbiri zitsulo. Njira zodziwika ndi kukumba maziko mpaka pa nthaka yolimba, kuthira silabu imodzi ya zitsulo yoti nyumba yonse izisuntha pamodzi, kapena kuikweza pa nsanamira kuti madzi osefukira azidutsa pansi. Nyumba yopepuka, yosasanjikiza, ndiyo yoyenera dera lotere kuposa hotela yolemera ya konkire.

Wothawira kumtunda amakumana ndi Napolo, kugumuka kwa phiri kodza ndi madzi osefukira. Mu Disembala 1946 mvula yamphamvu inagumula mbali za phiri la Zomba, madzi, matope ndi miyala n'kukokolola milatho ndi nyumba, anthu n'kufa. Mu Malichi 1991 zoterezi zinachitika paphiri la Michesi ku Phalombe, kummwera kwa nyanjayi, ndipo namondwe wa Freddy anabweretsanso tsoka lomweli m'maboma a kummwera mu 2023. Miyala ikuluikulu yomwazikana m'khwawa ndi umboni woti matope anadutsapo kale. Pamenepo sipomanga chipinda chogona munthu, ngakhale patakongola chotani. Zivomezi nazo n'zosanyozeka, poti Malawi ali m'chigwa chachikulu cha kummawa kwa Africa: Salima inagwedezeka mu 1989, Karonga mu 2009. Lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira khoma lonse pamwamba pa mazenera amathandiza kuti makoma asapatukane. Likulu la nthambi ya boma yofufuza za miyala ndi nthaka lili mu Zomba momwemo, choncho womanga angathe kukafunsako asanayambe ntchito.

Asodzi a makumba, matemba ndi milamba anapeza kale njira yawo. Amamanga zimbowera, timisasa toyandama pa njedza zopindidwa ndi kuunjikidwa, ndipo amakhalamo miyezi ali pakati pa nyanja. Madzi akakwera, chimbowera chimakwera nawo. Nzeru imeneyi omanga malo a alendo ayenera kuilemekeza, koma asatengere zonse. Zimbowera zilibe zimbudzi, ndipo kolera wavutitsa asodzi a pa Chilwa kangapo. Pagombe pomwepo madzi apansi ali pafupi kwambiri moti chimbudzi chokumba chimadzaza ndi kugumuka m'dzinja. Malo olandira alendo amafunika thanki yosadontha, yokwezedwa kupitirira pamene madzi osefukira amafika, ndiponso yotalikirana ndi mjigo umene anthu a m'mudzi amatungapo.