Phunziro la Mwendo Wothyoka

Akuru athu amati, wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Mau amenewa atiunikira cifukwa cace anthu ambiri ayamba kusinkhasinkha za moyo wao pa masiku a nsautso, osati pa masiku a cimwemwe. Tiyeni tione mbiri ya munthu mmodzi.

Ignatius wa ku Loyola, m'dziko la Spain, anabadwa caka ca 1491. Pa unyamata wace anakonda zobvala zokongola, zida za nkhondo ndi ulemu wa ku nyumba za mafumu. Nthawi yakukhala cete analibe. Koma pa 20 May 1521, pamene asilikari a ku France anazinga mudzi wa Pamplona, cipolopolo ca mzinga cinamthyola mwendo. Anamnyamula kunka naye kwao, kumene anagona miyezi yambiri.

Posowa cocita, anapempha mabuku a nthano za ngwazi, koma m'nyumbamo munalibe; anampatsa buku la moyo wa Kristu ndi lina la mbiri za oyera mtima. Ali cigonere anazindikira cinthu cimodzi: akalingirira za ulemerero wa dziko anakondwa kanthawi, pambuyo pace mtima unatsala wouma; koma akalingirira za oyera mtima, cimwemwe cinakhalitsa.

Atacira anamuka ku Manresa m'caka ca 1522, nakhalako pafupifupi caka, napemphera m'phanga. Komweko anayamba kulemba kabuku kophunzitsa kusinkhasinkha, kamene Papa Paul III anakabvomereza m'caka ca 1548.

Tsono nciani cinamsintha? Pamene munthu ali bwino, manja ace ali pa nchito, maso ace ali pa zamawa, ndipo ayesa kuti mphamvu zace zimkwanira. Nsautso imlanda zonsezi, nimsiya yekha ndi mtima wace. Pamenepo mafunso amene anali kuwathawa ampeza pamphasa. Mafunsowo analipo kale lomwe, koma phokoso la masiku abwino linamgonthetsa makutu.

Komatu tisayese kuti nsautso iphunzitsa onse, pakuti ambiri analasidwa ku nkhondo natsala ndi kuwawa mtima kokha. Cifukwa cace Ignatius analangiza ophunzira ace kudziyesa mtima tsiku ndi tsiku, ndi kukundika mphamvu pa nyengo ya cisangalalo kuti ziwathandize pa nyengo ya mdima. Ifenso tisalindire mzinga. Nkhokwe timaidzaza m'masika, njala isanafike pakhomo.