Lamulo la 1824 likadali ku Chanida

Pa chipata cha Chanida m'boma la Chadiza, pomwe msewu wochokera ku Katete umalowera ku Mozambique, magalimoto a katundu amagona pamzere kudikira mapepala. Pamalo otere pamakhalanso amayi ogulitsa thupi. Ambirife timati ntchitoyo ndi mlandu, koma buku la milandu la Zambia, lomwe atsamunda anayamba kuligwiritsa ntchito mu 1931, silinena choncho mwachindunji. Limaletsa kudyera ndalama za uhule, kusunga nyumba yochitiramo zimenezi, ndi kukhala "woyendayenda wopanda chochita".

Mawu omalizawa ndiwo msampha. Anachokera ku lamulo la ku England la 1824, lomwe linapangidwira kusesa amphawi m'misewu. Azungu atalibweretsa kuno linawathandiza kusankha munthu wakuda woyenera kuoneka m'tauni ndi woyenera kubwezedwa kumudzi. Ufulu unabwera mu 1964, mbendera inasintha, ndimeyo inatsala. Wapolisi safunika kuona mlandu weniweni. Mkazi ali panja usiku, basi wakwanira.

Anzathu a ku Malawi, omwe analandira buku lofanana ndi lathu, analitengera kukhoti. Mu 2009 apolisi a ku Mwanza, malo enanso a pamalire, anagwira amayi, kuwayezetsa HIV mokakamiza, zotsatira zake n'kuwerengedwa poyera m'khoti. Amayi 11 anasuma, ndipo mu 2015 woweruza Dorothy Kamanga anagamula kuti zimenezo zinaphwanya malamulo aakulu a dziko. Mu 2016 amayi 19 anagwidwa ku Dedza n'kupezeka olakwa pa mlandu wodyera ndalama za uhule. Woweruza Zione Ntaba anafafaniza chigamulocho. Anati ndime 146 inalembedwa kuti iteteze amayiwa kwa anthu owadyera masuku pamutu, osati kuti iwamange iwo eni. Tangoganizani, chishango chinasanduka chibonga kwa zaka zoposa 80.

Mayi amene amagwidwa nthawi iliyonse sangapite kupolisi akamenyedwa, akaberedwa kapena akagwiriridwa, poopa kuti wotsekeredwa akhala iyeyo. Womumenyayo amadziwa zimenezi bwino lomwe, ndipo m'mawa galimoto yake imakhala itawoloka kale kulowera ku Tete.

Mu December 2020 khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe lili ku Arusha, linanena kuti malamulo a oyendayenda amasala osauka ndi amayi, ndipo mayiko awachotse kapena awasinthe. Limenelo linali langizo chabe, lopanda mano okakamiza boma lililonse.