Kulumikiza kompyuta ku TV: nambala iti ya resolution yoyenera kusankha

M'boma la Chifunde, kuchokera ku Luia mpaka kumalire a Cassacatiza, TV ndi yosavuta kupeza kuposa monita ya kompyuta. N'chifukwa chake laputopu ikasweka galasi, kapena mlembi wa gulu la alimi akafuna kuonetsa anzake makilogalamu a fodya ndi ngongole ya feteleza, amangoilumikiza ku TV. Chithunzi chimabwera ndithu, koma nthawi zambiri zilembo zimaoneka mwachimbuuzi, 3 n'kumafanana ndi 8. Pa mpira zimenezi zilibe kanthu, koma pa ndalama za anthu zingabutse mkangano. Kawirikawiri TV siikhala yowonongeka: cholakwika ndi nambala ya resolution, yomwe pa Chipwitikizi ndi resolução.

Chithunzi cha pa TV chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri totchedwa mapikiselo. Resolution ndiyo imanena kuchuluka kwa timadonthoto, mopingasa ndi motsika. TV iliyonse inapangidwa ndi chiwerengero chake chosasintha. Ma TV ambiri otchipa a mainchesi 24 ndi 32, olembedwa HD Ready, ali ndi 1366 x 768. Olembedwa Full HD ali ndi 1920 x 1080, pomwe a 4K ali ndi 3840 x 2160. Nambala imeneyi imapezeka pa katoni kapena m'kabuku kobwera ndi TV.

Zilembo zimaoneka bwino kompyuta ikamatumiza nambala yofanana ndi ya TV. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, poganiza kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino. TV ya 1366 x 768 imavomera chithunzi cha 1920 x 1080, ndipo ina imauza kompyuta kuti nambala yoyenera ndi yomweyo, mpaka Windows imalemba kuti Recomendado. Koma chithunzi chotere chili ndi timadontho toposa 2 miliyoni, pomwe galasi la TV lili ndi tongopitirira 1 miliyoni. TV imachipanikiza kuti chikwane, ndipo timizere topyapyala ta zilembo timasowa. Pa TV yotere ndi bwino kusankha 1366 x 768, kapena 1360 x 768 ngati ndiyo ilipo pa mndandanda.

Pa kompyuta ya Chipwitikizi njira yake ndi Definições, Sistema, Ecrã, kenako Resolução do ecrã. Yogulidwa ku Katete, ku Chipata kapena ku Lilongwe imalankhula Chingerezi: Settings, System, Display, Display resolution. Palibe choopa poyesa. Nambala yosankhidwayo ikachititsa mdima pa TV, munthu angodikira osakhudza kanthu, pakatha masekondi 15 Windows imabwerera yokha pamene inali.

Ngati laputopu ikuonetsa chithunzi chomwecho pa galasi lake ndi pa TV, zonse ziwiri zimakakamizika kugwiritsa ntchito nambala imodzi. Kudina batani la Windows pamodzi ndi P, n'kusankha kuti chithunzi chipite pa TV pokha, kumathetsa zimenezi.

Pali vuto lina lomwe anthu amalisokoneza ndi resolution. M'mbali mwa chithunzi mumadulidwa, mzere wa pansi wa Windows wosaoneka. Ichi ndi chizolowezi cha TV chokulitsa chithunzi pang'ono, chochokera m'nthawi ya ma TV akale a chimsana chachikulu. Chimakonzedwa ndi rimoti, pa gawo la kukula kwa chithunzi, osati pa kompyuta. LG imalemba Just Scan, Samsung yakale Screen Fit, Sony Full Pixel. Pomwepo ndi bwinonso kutsitsa Sharpness, chifukwa ikakwera imazungulizira zilembo ndi kamzere koyera kotopetsa maso.

Zilembo zikachepa kwa anthu okhala kumbuyo, wina amathamangira kutsitsa resolution. Sikoyenera. Nambalayo isiyidwe, m'malo mwake akweze Escala kufika pa 125% kapena 150%. Zilembo zimakula koma zimakhalabe zowala bwino.

Chingwe chabwino ndi cha HDMI, chifukwa chimanyamula chithunzi ndi mawu. Cha VGA, cha mutu wabuluu chija, chimanyamula chithunzi chokha, mawu amafuna chingwe china. Laputopu yakale pa TV ya 4K imatha kufika pa 3840 x 2160 koma pa 30 Hz basi, kamuvi ka mausi n'kumayenda modumphadumpha. Pamenepo 1920 x 1080 pa 60 Hz imagwira bwino ntchito. TV yachikale yolumikizidwa ndi chingwe chachikasu ili ndi mizere 576 yokha: filimu imaonetsa, koma osati tebulo la manambala.

Kwa odalira sola, kutsitsa resolution sikupulumutsa batire kwenikweni. Chimene chimadya moto kwambiri ndi nyali za kumbuyo kwa galasi, ndipo zimatsitsidwa ndi rimoti pa Backlight, kapena Retroiluminação ngati TV ili pa Chipwitikizi.