Nyenyezi imene inang'ambika pawiri ndi ina imene imagunda ngati mtima

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, mwana akakufunsani kumene nyenyezi zothothoka usiku zimacokera, nayi mbiri imene mungamufotokozere.

Mu 1826, msilikali wa dziko la Austria, Wilhelm von Biela, anaona nyenyezi ya mcira. Atawerengera njira yake, anapeza kuti imazungulira dzuwa pa zaka zisanu ndi cimodzi ndi miyezi ingapo. Nyenyezi ya mcira kwenikweni ndi cibuluma ca madzi oundana, fumbi ndi miyala. Ikayandikira dzuwa, kutentha kumatulutsa mpweya ndi fumbi, ndiye mcira timauona uja.

Kumayambiriro kwa 1846, akatswiri a zakuthambo anadabwa kuona kuti nyenyezi ya Biela yang'ambika pawiri. Zidutswa ziwirizo zinkayenda limodzi, ciliconse ndi mcira wake. Mu 1852 zinabweranso, zitatalikirana makilomita opitirira mamiliyoni awiri. Kucokera pamenepo sizinaonekenso. Anazifunafuna mu 1865 ndi 1866, koma osazipeza.

Yankho linabwera usiku wa pa 27 Novembro 1872. Dziko lapansi linadutsa m'njira imene nyenyezi ija inkayendamo, ndipo anthu a ku Ulaya anaona nyenyezi zikuthothoka ngati mvula, masauzande pa ola limodzi. Zinacitikanso pa 27 Novembro 1885. Nyenyezi ya Biela inali itasweka n'kusanduka fumbi. Tizidutswa take, tambiri tating'ono ngati mcenga, tinkapsa tikalowa mumpweya wozungulira dziko lathu.

Kusintha kumeneku anthu anakuona ndi maso. Patapita zaka pafupifupi 100, kusintha kwina kwa kuthambo kunadziwika kudzera m'mafunde a wailesi, amene nyenyezi zina zimatulutsa. Jocelyn Bell, wophunzira wa zaka 24 pa yunivesite ya Cambridge ku England, anathandiza kumanga cipangizo cotola mafundewo, ca mitengo ndi mawaya, pa malo pafupifupi mahekitala awiri. Colembera ca makinawo cinkajambula mizere pa pepala lotalika mamita pafupifupi 30 tsiku lililonse, ndipo iye ankaliwerenga lonse ndi maso.

Mu Agosto 1967 anaona kacizindikiro kacilendo, kosakwana sentimita imodzi. Mphunzitsi wake, Antony Hewish, poyamba anaganiza kuti ndi phokoso la makina a anthu. Bell anabwerera m'mapepala akale n'kuona kuti kacizindikiroko kankacokera mbali imodzi ya thambo nthawi zonse. Pa 28 Novembro anayendetsa pepala mofulumira, ndipo zinaoneka bwino: mafundewo ankagunda kamodzi pa sekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, osaphonya.

Lero cinthuco cimachedwa pulsar. Ndi cotsalira ca nyenyezi yaikulu imene inaphulika, cotambalala makilomita pafupifupi 20 okha, cozungulira mofulumira. Mafunde ake amatifika nthawi iliyonse cikatembenukira kwa ife, ngati munthu akuzunguza toci mumdima. Mphoto ya Nobel ya 1974 inapita kwa Hewish ndi Martin Ryle, dzina la Bell silinalimo. Mu 2018 iye analandira mphoto ina ya madola mamiliyoni atatu, ndipo ndalama zonsezo anazipereka kuti zithandize ophunzira a sayansi ocokera m'magulu amene kawirikawiri amasalidwa.

Mbiri ziwirizi zinadziwika cifukwa anthu ankalemba zimene aona, ndi tsiku lake, ngakhale zooneka zazing'ono. Ana athu angayambenso comweco. Kumayambiriro kwa Maio dziko limadutsa m'fumbi la nyenyezi ya mcira ya Halley, ndipo kuno kwathu nyenyezi zothothokazo zimaoneka bwino m'mbandakuca, mvula itatha. Auzeni ayang'ane kum'mawa, awerenge, alembe m'kope tsiku, nthawi ndi ciwerengero, kenako adzayerekeze m'kalasi.