Masiku Amene TV Inkagona Usiku

Adzukulu anga, inu mwabadwa TV ikulankhula usana ndi usiku, ndipo mukatopa ndi tchanelo china mumangodina batani. Ife amene tinakhala mu Northmead muno m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tinkadziwa TV ya mtundu wina. Tchanelo chinali chimodzi chokha, cha boma, ndipo chinali ndi nthawi yodzuka ndi nthawi yogona. Tcherani khutu ndikuuzeni mmene tsiku lake linkayendera.

TV inafika m'dziko muno mu 1961, likadatchedwa Northern Rhodesia. Inayambira ku Kitwe, popeza kumigodi n'kumene kunali azungu a ndalama zogulira mabokosiwo, ndipo mwini wake inali kampani. Titalandira ufulu mu 1964, boma linaitenga, kenako zithunzi zinafika ndi ku Lusaka kuno. Tinkaitchula Television Zambia. Dzina la ZNBC limene mukulidziwali linabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Musachiyese chinthu chaching'ono. South Africa ndi chuma chake chonse inayamba TV mu 1976, ndipo abale athu ku Malawi anadikira mpaka 1999. Mlendo wochokera ku Mchinji kapena ku Lilongwe akafika kwathu, nsima inkamuzizirira m'manja maso ali pa bokosi.

Bokosilo linali lolemera, lathabwa, lina la miyendo inayi, lina la zitseko zotsekera galasi. Ambiri ankagula opangidwa ku Livingstone pa fakitale ya ITT Supersonic. Amayi ankaliyalira kansalu koluka pamwamba, n'kuikapo maluwa ndi chithunzi cha ukwati. Ukaliyatsa umayenera kudikira kuti litenthe, chithunzi n'kumabwera pang'onopang'ono, choyera ndi chakuda. Chikayamba kuvina, mnyamata ankakwera padenga kukapotoza eriyo, wina ali pawindo kukuwa kuti, "Bwezako pang'ono! Basi, pomwepo!" Zithunzi za mitundu zinayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, koma m'nyumba zambiri bokosi lakale lija linagwirabe ntchito zaka zambiri.

Mmawa ndi masana bokosilo linkakhala lotseka. Nthawi imeneyo inali ya wailesi, imene inkadzutsa dziko ndi kulira kwa nkhwazi. Abambo ankapita kumaofesi a boma ku Ridgeway kapena mu Cairo Road, amayi ankaima pamzere ku ZCBC kapena ku Mwaiseni kudikira shuga, sopo ndi saladi, ana ali kusukulu. Koma aliyense ankadziwa kale zimene zidzaonetsedwe madzulo, chifukwa Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail zinkasindikiza ndandanda wa mapulogalamu, ndipo tsamba limenelo linkayenda khomo ndi khomo.

Cha m'ma 16 koloko ana ankayamba kuunjikana. Pagalasi pankangooneka mizeremizere, nyimbo zikulira, koma iwo ankakhala phee kuyang'ana mizereyo kuopa kuphonya chiyambi. Cha m'ma 17 koloko muulutsi ankaoneka, kutipatsa moni, n'kutiwerengera zonse za usikuwo. Zoyamba zinali za ana, makatuni ndi mapulogalamu ophunzitsa. Kuno kumayadi si nyumba zonse zinali ndi TV, ndipo kukomboni kunalibe n'komwe magetsi m'nyumba zambiri. Choncho ana a oyandikana nawo, ndi ena ochokera ku Garden, ankabwera madzulo aliwonse. Lamulo la amayi linali limodzi: tsukani mapazi pampopi, khalani pansi, musachite phokoso. Osowa malo ankaonerera pawindo, ndipo katani sinkatsekedwa. Mwininyumba amene ankathamangitsa ana a eni ankatchuka ndi umbombo msewu wonse.

Nthawi ya nkhani ikakwana, nyumba inkasintha. Abambo ankakhala pampando wawo, ana ankaleka kutafuna. Nkhani yoyamba tinkaidziwa isanawerengedwe: Pulezidenti Kaunda, atavala suti yawo ya safari, kansalu koyera kali m'manja, akutsegula msonkhano kapena kulandira mlendo pabwalo la ndege. Pambuyo pawo pankabwera akuluakulu a Central Committee ya UNIP, kenako nduna, kenako za kunja. Kuyambira 1973 dziko linali la chipani chimodzi, ndipo TV inkalankhula ndi pakamwa pa chipanicho. Zimenezi sindingakubisireni. Tinaphunzira kumvetsera ndi zimene sizinanenedwe, ndipo abambo ambiri nkhani zikatha ankalowa kuchipinda kukasaka BBC pa wailesi. Komabe a Kaunda akaitana atolankhani ku State House, mzinda wonse unkaleka zochita, chifukwa pa misonkhano imeneyo munthu ankatha kudzuka ali nduna, n'kugona ali wamba.

Owerenga nkhani tinkawatenga ngati achibale. A Kenneth Maduma ankatchula mawu momveka bwino moti aphunzitsi ankauza ana kuti aziwatsanzira. Kenako kunabwera a Maureen Nkandu, ndipo atsikana ambiri anayamba kuwerenga nyuzipepala mokweza patsogolo pa kalilole. A Charles Mando ndi a Frank Mutubila ankafunsa akuluakulu mafunso amene ife sitikanalimba mtima kufunsa. Kuchokera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ankaulutsira ku Mass Media Complex mu msewu wa Alick Nkhata, wotchedwa dzina la woimba ndi muulutsi uja amene anaphedwa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira kufupi ndi Mkushi.

TV inkalankhula Chingerezi pafupifupi nthawi zonse. Zilankhulo zathu zinali pa wailesi, kumene a Julius Chongo ankatigwetsa ndi phwete pa Poceza M'madzulo. Ndiye agogo akabwera kuchokera ku Katete kapena ku Chadiza, mdzukulu mmodzi ankapatsidwa ntchito yomasulira. "Akuti chiyani mzunguyo?" Mwana ankayankha, nthawi zina n'kuthirako zake, agogo n'kuweruza mlandu wonse pomwepo: uyu ndi mfiti, uyu alibe mwambo, mkaziyu abwerere kwa makolo ake. Ana ambiri a nthawi imeneyo analimbitsa Chingerezi ndi Chinyanja chomwe pa ntchito yomasulirayi.

Nkhani zikatha, kunkabwera zosakanizika, ndipo umu ndi mmene munali kukoma kwake. Usiku umodzi womwewo unkatha kuona katswiri wa zaulimi akufotokoza za feteleza, kenako sewero la Play Circle la anthu athu omwe, okangana za lendi, chikamwini ndi chuma cha masiye. Kenako Dallas, ndi J.R. uja amene amayi ankamutukwana ngati akuwamva. Tsiku lina Mind Your Language, tsiku lina magule a maiko ena a mu Africa amene mawailesi ankasinthana kudzera m'bungwe la URTNA. Tinkaonanso oimba athu, a Paul Ngozi, a P.K. Chishala, Amayenge, kalindula ikugwedeza nyumba. Palibe amene ankasankha. Wokonda mpira ankaonerera za ulimi podikira, wokonda sewero ankamva za dziko podikira, ndipo mosazindikira aliyense ankadziwako pang'ono za chilichonse. Kale kumudzi moto wa pabwalo unali umodzi, ndipo mwana wofuna nthano ankamvanso milandu ndi malangizo a akulu. Bokosi lija linagwira ntchito ya moto umenewo m'tauni muno.

Loweruka ndi Lamlungu zinali za masewera. Panali ogwetsana a ku Britain, Big Daddy ndi Giant Haystacks, ndipo Lolemba anyamata ankabwera kusukulu ndi mabala poyeserera. Panali nkhonya za Lottie Mwale, amene anatenga lamba wa Commonwealth mu 1979. Timu ya dziko ikamasewera, tinkaitcha KK11, ndipo ambiri ankatsitsa mawu a TV n'kukweza wailesi kuti maso aone mpira, makutu amve a Dennis Liwewe, mwana wobadwira ku Malawi amene mawu ake anakhala chuma cha Zambia. Mu 1988 ku Gwangju m'dziko la South Korea, anyamata athu atathira Italy zigoli 4 kwa 0, zitatu mwa izo za Kalusha Bwalya, phokoso linamveka kuchokera ku Paseli Road mpaka kutsidya kwa Great East Road.

Masiku aakulu a dziko tinawaoneranso pamodzi. Mu 1979 atsogoleri a Commonwealth anasonkhana mu Lusaka, ndipo a Kaunda anavina ndi Margaret Thatcher. Mu 1989 kunabwera Papa John Paul II. Mu February 1990 Nelson Mandela anatsika ndege kuno patangopita masabata ochepa chitulukire m'ndende. Mu April 1993 ndege yonyamula timu ya dziko inagwera m'nyanja kufupi ndi Gabon, n'kupha anthu 30, mwa iwo osewera 18. Tsiku la maliro ku Independence Stadium, nyumba iliyonse ya TV inasanduka nyumba ya siwa. Anthu osadziwana ankalowa osagogoda, n'kukhala pansi kulira, ndipo palibe amene ankawafunsa kuti ndinu yani.

Usiku ukakula, cha m'ma 23 koloko kapena kupitirirako, muulutsi ankatsanzika. Nyimbo ya fuko inkaimbidwa mbendera ikuuluzika, kenako galasi linkangoti waa. Pamenepo abambo ankadzutsa ana ogona pansi, wamkulu mmodzi n'kuperekeza a eni kwawo. Mmawa mwake m'basi, pamsika wa Northmead ndi pamzere wa unga, nkhani inali imodzi, chifukwa tonse tinaona chimodzimodzi. Kalaliki wa ku Kabwata ndi bwana wa ku Kabulonga ankatha kukangana za J.R. mofanana.

Zinthu zinayamba kusintha ndi makaseti a vidiyo, kenako chisankho cha 1991 chimene chinabweretsa a Chiluba ndi MMD, kenako madishi a DStv, ndi Muvi TV pambuyo pake. Sindikulira masiku a pakamwa pamodzi. Ndi bwino kuti lero mumamva mbali zonse ndi kuona mapulogalamu m'chilankhulo chanu. Chimene chimandiwawa n'chakuti m'nyumba imodzi mumakhala anthu asanu, aliyense ndi foni yake, aliyense akuseka zake, ndipo mwana wa pafupi simumudziwa dzina. Ife tinali ndi zochepa zoonera, koma zinkatipatsa zambiri zokambirana.

Choncho ndikupemphani chinthu chimodzi. Tsiku limene timu ya dziko, Chipolopolo, idzasewerenso, ikani mafoni pansi, tsegulani geti, itanani ana a oyandikana nawo, ndipo mundisungire mpando kutsogolo. Amene adzakhale pafupi nane azidzandiuza mayina a osewera atsopanowa, ine ndizidzamuuza a akale.